Kabokosi Kabuluu ka Wozniak ndi Jobs: Mafunso ndi Mayankho pa Geni Yawo Yoyamba

Nkhani ya chiyambi cha kampani ya Apple ikangotchulidwa, sipalephera wina wofunsa za kabokosi kamene Steve Wozniak ndi Steve Jobs ankagulitsa mobisa ali anyamata. Mafunso ake amakhala omweomwewo, ndiye tawasonkhanitsa pano, kuyambira ophweka mpaka ofunika kukhalira pansi.

Kodi ndi zoona kuti amene anayambitsa Apple anayamba ndi geni yoswa lamulo?

Ndi zoona, ndipo eni akewo sankabisa. Mu 1972, kutatsala zaka zinayi kuti Apple ibadwe, awiriwa ankapanga ndi kugulitsa kachipangizo kotchedwa blue box, kapena kuti kabokosi kabuluu. Munthu akakhala nako ankaimba foni kutali, ngakhale kutsidya kwa nyanja, osalipira kalikonse. Wozniak anali ndi zaka 21 ndipo ankaphunzira pa yunivesite ya California ku Berkeley. Jobs anali ndi zaka 17, akumaliza sekondale pa Homestead High School ku Cupertino. Anali atadziwana chaka cha 1971 kudzera mwa mnzawo Bill Fernandez.

Ena akamva zimenezi amaganiza kuti ankaba mafoni a anthu. Ayi. Chimene chinkabedwa ndi nthawi yolankhula pa mawaya a kampani ya AT&T, imene masiku amenewo inali itagwira pafupifupi lamya zonse za ku America.

Kabokosiko kanali kotani?

Kanali kokwana m'dzanja, kokhala ndi mabatani a manambala, batire, ndi kasipika kakang'ono kamene munthu ankakagunditsa pakamwa pa foni. Ukadina batani, kankalira. Ntchito yake inali yomweyo basi, kulira. Sikankalumikizidwa ku waya uliwonse, ndipo sipankafunika kumasula foni kapena kukwera pholo.

Dzinalo linachokera ku kabokosi kamene ofufuza a kampani ya lamya anagwira mu 1961 m'chigawo cha Washington, kopangidwa ndi wophunzira wina dzina lake Ralph Barclay. Kameneko kanali kabuluu, ndipo dzina linangokakamira ngakhale timabokosi tambiri totsatira tinali tamitundu ina.

Zingatheke bwanji kuti kulira chabe kupusitse kampani yaikulu chonchi?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo mayankho ena m'munsimu atsamira pa yankho ili.

Kale munthu akafuna kuimba kutali ankadutsa mwa opareta, amene ankalumikiza mawaya ndi manja. Kuyambira 1951 AT&T inayamba kulola anthu kudziimbira okha mafoni akutali, ndipo ntchito ya opareta inatengedwa ndi makina. Tsono makina a mumzinda uno ankafunika kuuzana ndi makina a mumzinda wina kuti layini iyi ili ndi munthu kapena ilibe, komanso kuti nambala yofunidwa ndi iti. Mainjiniya anasankha njira yosadya ndalama zambiri: makinawo azilankhulana ndi kulira, ndipo kulirako kuzidutsa m'njira yomweyo imene mawu a anthu amadutsa. Zili ngati mlonda amene amatsekula geti akangomva kugogoda kwa mtundu wina, osasuzumira kuti akugogodayo ndani.

Layini yapakati pa mizinda ikakhala yopanda munthu inkalira mosalekeza kulira kwa 2600 Hz, ndiye kuti kunjenjemera ka 2,600 pa sekondi imodzi. Munthu wa kabokosi ankayamba waimba nambala yaulere yakutali, monga zija zoyamba ndi 800. Foni ikuitana, ankaliza 2600 Hz pakamwa pa foniyo. Makina akutali ankaganiza kuti woimba uja waika foni pansi, n'kuisiya nambala ija. Koma makina apafupi, amene amalemba bilu, ankaona kuti foni ikadali m'manja ndipo ikulankhula ndi nambala yaulere. Kulirako kukasiya, makina akutali ankayesa kuti kwabwera foni yatsopano, n'kumveka kakuti "tswii-khe", kenaka n'kukhala chete kudikira manambala. Munthu uja tsopano anali pampando wa opareta.

Manambalawo ankatumizidwa ndi kulira kuwirikuwiri kosankhidwa pa mitundu isanu ndi umodzi: 700, 900, 1100, 1300, 1500 ndi 1700 Hz. Nambala 1 inali 700 ndi 900 pamodzi, 2 inali 700 ndi 1100, ndipo 0 inali 1300 ndi 1500. Panalinso chizindikiro choyambira, KP, ndi chomalizira, ST. Udine KP, nambala ya ku New York, kenaka ST, foni izilira ku New York, bilu ikuonetsa kuti unaimba nambala yaulere.

Kodi Wozniak ndi Jobs ndiwo anatulukira njira imeneyi?

Ayi, anafika mochedwa ndithu. Ndipo ambiri mwa amene anatsogola anali ana osaona, amene foni inali bwalo lawo losewerera ndipo makutu awo ankagwira zimene ena sitimva. Wodziwika kwambiri ndi Joe Engressia, amene anabadwa wosaona mu 1949. Ali ndi zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri anazindikira kuti akaimba mluzu wina wake pafoni, layini inkaduka. Mluzuwo unali 2600 Hz, wotuluka pakamwa pake popanda chipangizo. Mu 1968, ali pa University of South Florida, anagwidwa akuimbira ophunzira anzake mafoni akutali pa dola imodzi.

Wina ndi John Draper, amene anagwirapo ntchito zamagetsi m'gulu lankhondo la ndege la America. Anyamata osaona a ku California ndiwo anamuonetsa kuti kawezulo kapulasitiki kamene kankaikidwa ngati mphatso ya ana m'mapaketi a chakudya cham'mawa cha Cap'n Crunch kankalira 2600 Hz ukatseka bowo limodzi. Dzina lake loti Captain Crunch linachokera pamenepo. Anthu a masewera amenewa ankatchedwa phone phreaks, ndipo ankakumana usiku pa malayini oyesera a kampani n'kumacheza mpaka kucha, ena a iwo osaonanapo nkhope moyo wawo wonse.

Nanga manambala a kulirako anawadziwa bwanji? Sanali achinsinsi?

Kampaniyo inawasindikiza yokha. Magazini ya mainjiniya ake, Bell System Technical Journal, inafotokoza za kulira kwa 2600 Hz mu 1954, ndipo mu Novembala 1960 inasindikiza kulira kwa nambala iliyonse. Magaziniyo inkapezeka m'malayibulale a masukulu a uinjiniya. Olembawo ankalembera anzawo apantchito, osaganiza kuti mwana wa sukulu angakhale pansi n'kuwerenga.

Wozniak anamva za nkhaniyi mu magazini ya Esquire ya Okutobala 1971, mmene Ron Rosenbaum analemba za ma phone phreak. Mayi ake ndiwo anamusiyira magaziniyo podziwa kuti mwana wawo amakonda zoterezi. Asanamalize n'kuwerenga komwe anaimbira Jobs n'kumamuwerengera pafoni. Linali Lamlungu, koma anathamangira ku layibulale ya Stanford Linear Accelerator Center, kumene ankadziwa khomo limene silinkakiyidwa kawirikawiri. Anafufuza m'mashelefu mpaka anapeza buku lokhala ndi manambalawo, ndipo anafanana ndi amene anali mu Esquire. Apo ndi pamene anadziwa kuti nkhani ija sinali nthano.

Ngati timabokosi tinalipo kale, ka Wozniak kanasiyana pati?

Timabokosi takale tinkavuta chifukwa kulira kwake kunkasuntha, kutengera kutentha kapena mphamvu ya batire, ndipo makina a kampani sankamvera kulira kophonya. Awiriwa atayesa koyamba njira yakaleyo, zinakanika. Wozniak anabwerera ku Berkeley n'kuyamba kujambula kabokosi ka digito, kogwiritsa ntchito kakristalo konjenjemera mosasintha, ndi timachipi togawa kunjenjemerako mpaka kutuluke kulira kofunikako ndendende. Kumayambiriro kwa 1972 kanali katatheka.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi chakuti kanalibe switchi yoyatsira. Kudina batani la nambala ndiko kunkayatsa kabokosiko, ukachotsa chala kankazima, ndiye batire linkakhalitsa. Wozniak wanenapo kangapo kuti palibe chimene anajambulapo chimene amanyadira kuposa kameneka, ndipo uyu ndi munthu amene anadzajambula kompyuta ya Apple II. Mtima wake wofuna kuchita zambiri ndi zipangizo zochepa unaonekera pomwepa.

Ndani anaganiza zogulitsa, ndipo ankagulitsa bwanji?

Jobs. Wozniak akanatha kukhutira ndi kabokosi kamodzi kodabwitsira anzake. Jobs ndiye anawerengera kuti zipangizo za kabokosi kamodzi zinkadya madola pafupifupi 40, n'kunena kuti azigulitsa pa madola 150, ndalama imene lero ingapose madola 1,000.

Msika wawo unali mahositelo a ku Berkeley. Ankagogoda pazitseko, n'kuyamba ayesa kaye mtima wa mwini chipinda ndi nkhani za mafoni aulere. Akaona kuti maso ake awala, ankamuitana kuti adzaone yekha. Madzulo anyamata ankadzaza m'chipinda, Wozniak n'kuimba ku hotela ya Ritz ku London, kapena nambala ya ku Australia imene inkaseketsa anthu ndi nthabwala zojambulidwa. Mawu a munthu wa kutsidya kwa nyanja akangomveka, malonda anali atatheka. Monga ma phreak onse, anali ndi maina obisalira: Wozniak anali Berkeley Blue, Jobs anali Oaf Tobar.

Anagulitsa tingati? Kodi ndalama zake ndi zimene anayambira Apple?

Jobs ankati pafupifupi 100, pamene Wozniak amatchula chiwerengero chocheperapo, cha m'ma 40 kapena 50. Mulimonsemo, phindu lake linali madola masauzande ochepa ogawana anthu awiri, ndipo silinakhale mpamba wa Apple. Mpambawo unachokera kwina, monga tifotokozere m'munsimu pa funso la mgwirizano wa kabokosi ndi Apple.

Za kuimbira Papa zija zinachitikadi?

Onse awiri ankaisimba mofanana. Wozniak anaimba ku Vatican akudzitcha Henry Kissinger, mlangizi wa pulezidenti wa America nthawi imeneyo, n'kunena kuti ali pamsonkhano ku Moscow ndipo akufuna kulankhula ndi Papa, amene nthawiyo anali Paul VI. Anamuyankha kuti ku Rome kudakali m'bandakucha, Papa akugona. Ataimbanso anapatsidwa bishopu woti amasulire, koma Papa sanabwere pafoni.

Sanagwidwepo?

Sanaimbidwepo mlandu, koma kawiri konse zinatsala pang'ono kuwaipira. Usiku wina galimoto yawo inafa panjira, ndipo analowa m'kanyumba ka foni yolipira kuti aitane mnzawo pogwiritsa ntchito kabokosi. Apolisi anatulukira, n'kuwasecha, n'kukapeza. Atafunsidwa kuti n'chiyani, Wozniak anati ndi kachipangizo koimbira nyimbo, n'kudina mabatani kuti amve. Masiku amenewo zoimbira zamagetsi zinali zachilendo, apolisiwo anakhulupirira, anawabwezera kabokosi kawo mpaka kuwakweza m'galimoto yawo.

Ulendo wina unali woopsa. Ali pamalo odyera pizza ku Sunnyvale, Jobs anatsatsa kabokosi kwa amuna a patebulo loyandikana nalo. Amunawo anati ndalama zili m'galimoto. Atafika panja, m'modzi anasolola mfuti n'kumuloza Jobs pamimba. Kabokosi kanapita. Wolandayo anasiya nambala ya foni, akuti adzalipira kakagwira ntchito, ndipo ataimbiridwa anadandaula kuti kakumukanika. Anapangana zokumana, koma anyamatawo anachita mantha, sanapite. Jobs anazirala pa geniyi, ndipo kumapeto kwa 1972 anapita kukaphunzira ku Reed College ku Oregon.

Nanga AT&T inangokhala chete?

Ayi ndithu. Njira yosavuta yogwirira anthu inali m'mabuku a bilu momwemo. Munthu wamba salankhula ola lathunthu ndi nambala yaulere kapena yofunsira manambala, ndiye foni yoonetsa zimenezo inkayamba kulondoledwa. Engressia anamangidwa ku Memphis mu 1971, Draper mu 1972.

Panalinso china chachikulu chimene chinabisidwa. Pakati pa 1964 ndi 1970 kampaniyo inali ndi ntchito yachinsinsi yotchedwa Greenstar, imene makina ake anasefa mafoni pafupifupi 33 miliyoni kufunafuna kulira kwa 2600 Hz kosayenera, ndipo mafoni pafupifupi 1.5 miliyoni anajambulidwa, ambiri a anthu osalakwa. Zinaululika mu 1975 kudzera mu nyuzipepala ya St. Louis Post-Dispatch. Kukonza vuto lenilenilo kunkafuna kusintha makina m'dziko lonse, ntchito ya zaka zambiri ndi ndalama zankhaninkhani, ndiye kampani inasankha kusaka anthu kaye.

Tinene zoona, kumeneku kunali kuba kapena chidwi cha ana?

Zonse ziwiri, koma osati mofanana kwa aliyense. Mwana wosaona amene akuimba mluzu usiku kuti amve mmene foni yake ikudumphira kuchoka mumzinda wina kupita wina, ine sindingamutche wakuba ndi mtima wonse. Anali wophunzira wopanda kalasi. Wozniak naye amati mafoni ake enieni, monga oimbira makolo ake, ankalipira, ndipo kabokosi kanali kofufuzira netiweki basi.

Koma pamene kabokosiko kanaikidwa mtengo, nkhani inasintha. Wogula wa madola 150 sankafuna kuphunzira za makina a AT&T, ankafuna kuthawa bilu. Timabokosi totere, topangidwa ndi anthu osiyanasiyana, tinkafika kwa otchovetsa juga mobisa ndi ena amene sankafuna kuti mafoni awo alembedwe paliponse. Malamulo a California ndi a boma la America ankaletsa zimenezi poyera, ndipo awiriwa ankadziwa, n'chifukwa chake anali ndi maina obisalira. Chimandipweteka ndi chakuti nkhaniyi imakambidwa mokoma chifukwa choti awiriwa anadzalemera. Anzawo amene anachita zomwezo analowa m'ndende, ndipo mbiri imeneyo inawatsata pofuna ntchito. Kusiyana kwake sikunali khalidwe, koma kugwidwa ndi kusagwidwa.

Tsono kabokosika kakugwirizana bwanji ndi Apple?

Jobs ananena mobwerezabwereza kuti pakanapanda kabokosi kabuluu, Apple sikanakhalako. Sankanena za ndalama. Ankanena kuti anyamata awiri anaona ndi maso awo kuti kanthu kopangidwa patebulo ndi madola ochepa kangalamulire makina a mabiliyoni. Komanso anaphunzira kugawana ntchito: wina ajambule chinthu chogwira ntchito bwino ndi zipangizo zochepa, wina asake zipangizo, achiike m'chikuto, achiike mtengo, akachigulitse chili chathunthu.

Zomwezo zinabwerezeka. Wozniak analowa ntchito ku Hewlett-Packard mu 1973, Jobs ku Atari mu 1974. Atari itafuna kuti gemu ya Breakout ipangidwe ndi timachipi tochepa, Jobs anatenga ntchitoyo, Wozniak n'kuijambula m'masiku anayi osagona mokwanira. Wozniak analandira madola 350 atauzidwa kuti ndi theka la malipiro, ndipo patapita zaka anamva kuti panali bonasi imene sanauzidwe. Jobs ankakana zimenezi. Kenaka Wozniak anaonetsa kompyuta yake ku Homebrew Computer Club, gulu limene linayamba kukumana mu 1975, ndipo ankagawa mapulani ake ulere. Jobs anatinso tigulitse. Iye anagulitsa galimoto yake ya Volkswagen, Wozniak anagulitsa kakyuleta yake ya HP-65, ndipo pa 1 Epulo 1976 anasaina mgwirizano wa Apple pamodzi ndi Ronald Wayne. Wayne anatuluka pasanathe milungu iwiri, n'kulandira madola 800 pa gawo lake la 10 peresenti. Paul Terrell wa sitolo ya Byte Shop anaitanitsa makompyuta 50 pa madola 500 iliyonse, ndipo mtengo wogulitsira Apple I unali madola 666.66.

Kodi alipo eni makampani ena amene anayamba motere?

Bill Gates ndi Paul Allen anali ndi nkhani yofananako, ngakhale sinali ya mafoni. Ali pa Lakeside School ku Seattle, kampani ya Computer Center Corporation inawaletsa kwa kanthawi kugwiritsa ntchito kompyuta yake atawagwira akudzipatsa nthawi yaulere kudzera m'zolakwika za pulogalamu. Pambuyo pake inawalola kubwerera kuti aziisakira zolakwikazo. Geni yawo yoyamba yodziwika, Traf-O-Data, inali yololedwa: makina owerengera kuchuluka kwa magalimoto pamsewu. Sinapindule kwenikweni, koma inawaphunzitsa kulembera mapulogalamu timachipi ta Intel, luso limene anayambira Microsoft mu 1975.

Engressia ndi Draper anathera kuti?

Engressia anadzalembedwa ntchito ndi kampani ya lamya ya Mountain Bell ku Denver, yosaka zovuta pa malayini ndi makutu ake omwe aja. Pambuyo pake anasamukira ku Minneapolis, mu 1991 anasintha dzina mwalamulo kukhala Joybubbles, ndipo ankajambula nkhani zoti aliyense woimba nambala yake amvetsere. Anamwalira mu 2007.

Draper anakhala m'ndende ya Lompoc mu 1976 ndipo anamangidwanso pambuyo pake. Anagwirako ntchito ndi Apple, kumene anajambula kachipangizo kolumikiza Apple II ku foni, koma kampaniyo sinakagulitse. Analembanso EasyWriter, pulogalamu yolembera makalata ya Apple II imene IBM inadzaitenga pa kompyuta yake ya 1981. Chuma sichinakhalitse m'manja mwake, ndipo mu 2017 misonkhano ingapo ya akatswiri a makompyuta inamuletsa kufikako anthu atadandaula za khalidwe lake.

Kodi kabokosi kotere kangagwire ntchito pafoni yanga lero?

Sikangagwire. Kuyambira 1976 AT&T inayamba kupatsa makina njira yawoyawo yolankhulirana, yosiyana ndi njira ya mawu a anthu, ndipo pambuyo pake dziko lonse linatengera dongosolo lotchedwa SS7. Mlonda uja tinamutchula pa funso lachitatu samveranso kugogoda. Ku America imodzi mwa malayini omaliza achikale inazimitsidwa mu 2006 m'kamudzi ka Wawina ku Minnesota. Mafoni am'manja ndiye sanagwiritsepo ntchito njira yakaleyo, choncho wokuuzani kuti ali ndi kulira kapena nambala yopatsa mayunitsi aulere akufuna kukuberani.

Sikuti netiweki yatsopanoyi ilibe ming'alu. Mu 2014 akatswiri anaonetsa pamsonkhano ku Hamburg kuti wolowa mu SS7 angathe kulondola foni ya munthu ndi kupatutsa mauthenga ake, ndipo mu 2017 akuba ku Germany anachotsa ndalama m'maakaunti a anthu popatutsa mauthenga otsimikizira a kubanki. Kuno kwathu chofala ndi SIM box, bokosi lodzaza masimukhadi limene limalandira foni yakunja kudzera pa intaneti n'kuilowetsa ngati yam'dziko momwemo. Ngati m'bale wanu wa ku Johannesburg anakuimbiranipo koma pafoni n'kuoneka nambala yakuno, mwina foniyo inadutsa m'bokosi lotero. Ku Malawi kulowa mu netiweki kapena kompyuta popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016.

Timabokosi ta Wozniak tilipobe?

Tochepa tilipo, popeza eni ake ambiri anatitaya poopa kugwidwa nato. Kamodzi kamasungidwa ku Computer History Museum ku Mountain View, California. Kena kanagulitsidwa pa okushoni ya Bonhams ku New York mu Disembala 2017 pa madola 125,000.